Chingwe Chabuluu

Loweruka, 8 Novembro

Uthenga wafika. Defesa yanga, mayeso omaliza a digiri, ndi Lachisanu likudzali, dez horas, teni koloko m'mawa. Ku Beira sindipita, akuti tionana pa kompyuta: ma doutor a ku yunivesite uko, ine kuno ku Chidzolomondo, kuteteza monografia, buku la kafukufuku wanga, pamaso pawo. Pansi pa uthengawo awonjezera mawu okoma kwambiri. Akuti amene salowa pa nthawi yake, kapena rede yake, netiweki, ikaduka, adikire chaka chamawa. Chaka chamawa! Amene analemba zimenezi ali mu ofesi yozizira, matope a kuno ku Macanga sanawapondepo. Ine zaka zonsezi ndikuphunzitsa masamu ana a eni, tchuthi chilichonse ndili pa mabuku anga, ndiye munthu angondiuza kuti chaka chamawa ngati akunena za mawa m'mawa.

Intaneti tili nayo pasukulu pano, tisaname. Bungwe lina linatiikira mbale padenga ndi kabokosi koyera kamene amati roteador. Koma a Director Estêvão, mwa nzeru zawo zakuya, anakatsekera m'kabati yachitsulo mu ofesi mwawo, n'kukolekapo cadeado, loko wamkulu ngati wa pa chigayo. Akuti kasachite fumbi, eni ake akadzabwera kudzayendera adzakapeze katsopano. Ndiye Wi-Fi yathu imathera m'kabatimo, ikutumikira mphemvu. Lero akwera chapa, minibasi, kupita ku seminário ku Tete, sabata yathunthu, kiyi ali m'thumba la jekete.

Chimene chikundipulumutsa ndi chingwe chabuluu. Mu Setembro ndinadandaula mpaka anatopa nane, analola kuti Julião, uja wodzitcha técnico, katswiri wa makompyuta, wa ku Furancungo, alumikize chingwe ku roteador, chitulukire pa kabowo ka kuseri kwa kabati, chidutse pa zenera ndi pabwalo mpaka m'nyumba mwanga. Anangochiponya pansi n'kumapita. Mbuzi zimachiponda, ana asukulu amachilumpha, koma chimagwira ntchito. Ndayesa lero, kanyali ka pambali pa laputopu kakuphethira bwinobwino.

Lamulungu, 9 Novembro

Ababa afika kuchokera ku Ntengo-Wambalame, fumbi mpaka m'nsidze, thumba la mbatata ya kachewere pa njinga yamoto ya hayala, ndi kachikwama kawo kaja ka nyundo ndi misomali kamene sasiyana nako ngakhale popita ku ukwati. Sindinawaitane. Anamva kwa azakhali kuti ndili ndi mayeso omaliza, ndiye akuti, "Ndati ndidzaone ndi maso anga mwana wanga akuyankha azungu." Ndawauza kuti si azungu, ndi anthu akuda ngati ife tomwe. Akuti, "Kaya, bola ndione." Abweretsa ndi jekete lawo la kutchalitchi, alipachika kuseri kwa chitseko kudikira Lachisanu.

Ndawaonetsa monografia. Aiyeza kulemera ndi dzanja ngati nkhuku ya pamsika, kenako akuti ndiwasonyeze pamene pali dzina lawo. Ndawasonyeza pachikuto: Dulce Cornélio. Aika chala chachikulu pa Cornélio, mmene amachitira akamasaina. Iwowa sukulu sanaione. Nkhondo inawathamangitsira ku Ntcheu ali mnyamata, ine ndinabadwira komweko ku kampu, pobwerera kuno anayamba ndi khasu limodzi. Koma ndikawayerekeza ndi amuna ovala tayi a pasukulu pano, aaa, ndisalembe zambiri.

Madzulo aona chingwe pabwalo. "Ichi n'chiyani chikukwawa pansi?" Ndawauza kuti mayeso anga adzadutsa mmenemo. Apukusa mutu. "Chinthu chofunika chonchi n'kuchisiyira mbuzi?"

Lolemba, 10 Novembro

M'mawa laputopu inadzipatsa ntchito yokha, ati actualização, ikudzikonzanso, musazimitse. Ndinaisiya ikuzungulira, ine n'kupita kukaphunzitsa.

Pobwera masana ndapeza pabwalo pasintha. Ababa adula mitengo ya bulugamu, aizika pamzere kuchokera pa zenera la ofesi mpaka pakhonde panga, chingwe achikweza pamwamba, chawongoka ngati cha magetsi. Theka la tsiku, munthu mmodzi, popanda seminário. Julião kuyambira Setembro sizinamubwerere m'mutu. Ndawathokoza kwambiri, iwo akupukuta thukuta ndi chipewa akuti, "Tsopano mbuzi ziiwale."

Kenako ndatsegula laputopu kuti ndiyeserere zokamba zanga. Palibe. Pakona pansi pakungooneka kampira ka dziko lapansi kaja, sem internet. Kanyali ka pambali kazima. Ndazimitsa, ndayatsa. Ndazula chingwe, ndabwezera mpaka chalira kuti tiki. Ndazimitsanso. Ndatuluka kukayang'ana chingwe: sichinaduke paliponse, chili m'mwamba mwake, chaukhondo kuposa kale. Ndiye ndi actualização ija basi. Anthu opanga zinthu zimenezi amadikira sabata ya defesa ya munthu kuti akonze zimene sizinawonongeke.

Ndamuimbira Julião. Akuti, "Amanhã cedo, professora, tambala asanatsike." M'mawa wa Julião ndimaudziwa.

Lachiwiri, 11 Novembro

Wafika dzuwa litapendeka, atavala magalasi akuda, paphewa chikwama cha laputopu chimene mulibe laputopu. Ndinasuzumira: muli mswachi wakale ndi mafuta odzola tsitsi.

"Professora, uyu ndi vírus," watero asanatsegule n'komwe.

Wauzira mpweya pa kabowo kolowetsa chingwe ngati akukoleza moto. Wapukutapo ndi mswachi uja. Watsegula kazenera kakuda, walembamo tizilembo mwaukatswiri, wamenya batani lalikulu mwamphamvu, n'kutsamira pampando manja ali kunkhongo. Kazenerako kayankha mzere umodzi. Ndamufunsa kuti kakuti chiyani. Akuti, "Ndi chinenero cha makompyuta, simungamve." Ndaweramira ndekha n'kuwerenga. Kakunena poyera kuti chingwe sichinalumikizidwe. Ndamuuza. Iye osachita manyazi akuti, "Ndi mmene vírus amanamizira anthu."

Ndamuuza kuti ndiye atuluke akayendere chingwecho, komanso akamvetsere ku ofesi ngati roteador ikugwira. Wayang'ana panja, dzuwa likuswa mtengo, wayang'ana nsapato zake zosongoka. "Cabo ali bwino, professora, ndinaika ndekha." Mapeto a nzeru zake zonse: tiformate. Ndiye kuti kufufuta zonse zili mu laputopu, monografia, zithunzi zokambira, zonse, tiyambe mwatsopano ngati mwana wobadwa lero. Ndinamulanda laputopu m'manja asanamalize kulankhula.

Chimene chandiwawa ndi ulemu umene ababa amupatsa. Amuwiritsira mbatata, amubweretsera madzi osamba m'manja, akuti, "Idyani amisiri, ntchito ya mutu imatopetsa." Amisiri! Wadya mpaka kumasula lamba, wanyamula zina m'chikwama chopanda laputopu chija, wakwera njinga yake. Akuti akafufuza nkhani yanga pa intaneti.

Atachoka ndapeza kuti ngakhale chizindikiro cha Wi-Fi chasowa pa laputopu. Anabwera vuto lili limodzi, wachoka alipo awiri.

Lachitatu, 12 Novembro

Vuto lachiwiri ndalipeza ndekha ndikumwa tiyi. Katswiri wathu anadina batani la kandege, lija lozimitsa ma rede onse. Ndalidinanso, Wi-Fi yabwerera. Koma kunyumba kuno rede ya sukulu siifika, monga mwa masiku onse, chifukwa chitsulo cha kabati chimaimeza. Chingwe ndiye zii.

Ndanyamula laputopu kupita kwa Dona Ernestina, mkulu wa secretaria, ofesi ya alembi a sukulu. Ndi amene amasunga kiyi wa ofesi ya a Director, wa kabati yekha ndiye ali ku Tete. M'mawa uliwonse amatsegula, amapukuta tebulo, amawongola kansalu ka pampando, n'kutsekanso. Ofesi yopanda munthu imasamalidwa kuposa kalasi la ana odzaza mpaka pakhomo.

"Dona Ernestina, ndiloleni ndilowe ndiyese Wi-Fi pafupi ndi kabati. Lachisanu ndili ndi defesa."

"Senhora professora, mu ofesi ya a Director simulowa munthu iwo kulibe."

"Mpando wawo sindiukhudza, ndingoima."

"Ngakhale kuima. Ndi regulamento."

Ndawafunsa kuti lamulolo linalembedwa pati. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati ndatukwana m'tchalitchi. Mayi ameneyu sukulu itapsa akhoza kudikira chilolezo cha a Director kuti akuwe. Ndawaimbira eni akewo, foni yozima. Masana kwabwera kauthenga: "Estou na sessão. Tidzaona ndikabwera." Abwera Lolemba. Ndikhulupirira sessão akunenayo ndi msonkhano wa nkhuku yootcha.

Ndiye ndazungulira kuseri, ndaima pa zenera la ofesi, laputopu nditaikweza pamwamba pa mutu ngati mbale ya chopereka. Dzina la rede laoneka, kamzere kamodzi. Ndalemba senha, mawu achinsinsi olowera, ndi dzanja limodzi. Yalowa! Ndisanatsitse n'komwe mikono, yaduka. Yalowanso, yadukanso. Ana a décima classe, kalasi lakhumi, akudutsa akunong'onezana kuti professora akupemphera. Koma ndaphunzirapo chimodzi: roteador ili moyo m'manda mwakemo, intaneti ilipo.

Ndayesanso foni, kuti mwina igawire laputopu. Pano intaneti ya pafoni imagwira malo amodzi okha, pa chulu cha kuseri kwa zimbudzi, pamene aphunzitsi tonse timakaimbira abale athu pa intaneti titatsina mphuno. Uthenga umapita. Kanema ayi, nkhope imauma pakamwa pali yasa. Ndayerekeza ndikuyankha ma doutor ndili pachulu, ntchentche zikundithandiza. Ndaimbira mnzanga wina wa mu ofesi ina ku Furancungo kuti andibwereke kachipinda kokhala ndi rede. Akuti ndilembe requerimento, kalata yopempha, yankho limatuluka pakapita masabata angapo. Dziko lino munthu ukhoza kufa ndi ludzu uli pamzere wopempha chilolezo chomwera madzi. Ndaganiza kuti mawa masana ndingokwera njinga yamoto, ndikagogode khomo lililonse ku Furancungo mpaka wina andimvere chisoni.

Madzulo pakhonde ndinaphulika. Ababa anali kukonza mpini wa khasu langa, ine ndikuyendayenda. Ndinati, "Amene wandionongera chinthuchi, kaya ndi Julião kaya ndi ndani, ndi mbuli, ababa. Mbuli yeniyeni yoti ngakhale dzina lake singalembe, koma manja ake ali pa chilichonse. Anthu otere akanamawamanga manja asanawononge za anzawo." Ababa anavomera ndi mutu. "Zoona mwanawe, munthu azidziwa polekezera." Pasukulu yonse ino munthu wondimvetsa ndi mmodzi yekha.

Lachinayi, 13 Novembro, m'mawa

Mitambo yakuda kumadzulo. Julião sakuyankha foni.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Ndilembe zonse mmene zachitikira.

Pa nthawi yopuma kunabwera Amália, mnzanga wophunzitsa biologia, ndi laputopu yake. Ndinamupempha ndine, chifukwa nzeru inandifika mochedwa: chingwe changa chikalowa mu laputopu ya Amália n'kugwira, ndiye kuti yodwala ndi yanga. Chikapanda kugwira, chodwala ndi chingwe. Mphunzitsi wa masamu, kuyambira Lolemba osaganiza chinthu chophweka chonchi, ndili kalikiliki kunyoza anthu. Tinalowetsa. Kanyali ka Amália sikanayake. Ndiye si vírus, si actualização, si roteador. Ndi chingwe.

Ndinayamba kuchitsata ndi zala, kuchokera patebulo, pansi pa chitseko, pakhonde, mpaka pa mtengo woyamba. Pamwamba sindinafikepo, ndinatenga mpando. Ababa anathamanga kudzandigwirira kuti ndisagwe.

Msomali. Waukulu, wa malata, utalowa pakati penipeni pa chingwe, mutu wake utamira, chingwe chitaphwatalala ngati lamba. Ndili pampando pomwepo ndinayang'ana mtengo wotsatira. Chimodzimodzi. Wotsatiranso. Mzere wonse mpaka pa zenera la ofesi. Ndikakhala pansi sizimaoneka, ndimangoona ukhondo.

Ababa ali pansi akumwetulira. "Wagwira eti? Ndinakhoma pakati kuti mphepo isachisunthe. Ngakhale chimvula chibwere, sichigwa chimenecho." Kwa iwo chingwe ndi chingwe. Ndi mmene amakhomera mphira pa chigafa cha fodya ndi lamba pa goli la ng'ombe, ndipo palibe chimene anakhoma chinagwapo.

Ndinati, "Wagwira, ababa." Ndimafuna zithere pomwepo, ndikadanamizira makoswe. Koma Amália pakamwa pake palibe chitseko. Anakweza maso n'kukuwa, "Mayo ine! Ndi misomaliyi yapha chingwe! M'katimu muli timawaya ting'onoting'ono, ababa, mwatidula tonse!"

Ababa sanasiye mpando, anagwirabe mpaka nditatsika. Kenako anayang'ana mzere wa mitengo yawo, anayang'ana manja awo.

"Ndiye mbuli ija ndine."

"Ayi ababa, ndimanena Julião."

"Julião amalemba dzina lake."

Ndinanyamula mpando n'kulowa nawo m'nyumba.

Kenako mvula, yoyamba yeniyeni chaka chino, ya mkokomo. Wanjinga amene ndinapangana naye watumiza uthenga kuti mtsinje wadzaza, ku Furancungo sikuwolokeka lero ngakhale mawa. Ndikuwerenga uthengawo ndinamva kugogoda panja. Ababa ali pampando pakati pa mvula, akuzula misomali umodziumodzi, pa bala lililonse akukulunga mphira ya chubu cha njinga, mwaluso, ngati akumanga chilonda cha mwana. Ndinawaitana, sanacheuke. Analowa atanyowa mpaka m'mafupa. "Tayesa tsopano." Ndinadziwa kuti sizingatheke, koma ndinalowetsa chingwe iwo akuona. Kanyali sikanayake. Anangoti, "Oo," n'kupita kukakhala kukhitchini. Chakudya sanachikhudze.

Julião wayankha tsopano. Akuti anadziwa kale kuti vuto ndi cabo, ndipo watsopano abwera naye kuchokera ku Tete sabata yamawa. Anadziwa kale! Ndilibe ngakhale mphamvu yomutukwana.

Ndili ndi mantha. Mawa dez horas. Ndakwiya kwambiri, koma mkwiyo wanga wasowa mwini wake, ukungozungulira m'nyumba muno n'kubwerera kwa ine.

Lachisanu, 14 Novembro

Ndinadzuka n'kupeza ababa atamanga kale katundu. Jekete la kutchalitchi alipinda, aliika pansi pa kachikwama. Akuti ayamba wapansi, akadikira pamtsinje mpaka madzi aphwe. "Ndisakuonongerenso zina, mwanawe. Uyankhe bwino azungu ako."

Ndinati andipatse nyundo. Anabisa manja kumbuyo. "Manja angawa asakhudzenso zinthu za sukulu."

"Sindinapemphe manja, ndapempha nyundo. Ndipo valani jekete. Munabwera kudzaona, muona."

Tinapeza Dona Ernestina atatsegula ofesi ya a Director, akupukuta tebulo ndi kansalu kawo ka fumbi. Ndinangolowa, laputopu kukhwapa, nyundo m'manja, matope a nsapato zanga pa simenti yawo yopolisha. "Senhora professora! Senhora professora!" Ataona kumene ndikulowera mawu anasintha. Akuti ndi katundu wa boma, akuti anditsegulira processo disciplinar, mlandu wa kuntchito, akuti ntchito yanga ithera pomwepa. Mwina akunena zoona. Ndinawauza kuti alembe bwino dzina langa, asaiwale Cornélio.

Kukhoma sindidziwa. Koyamba ndinaphonya, kabati inalira ngati belu la sukulu, pachitseko panatsala chibowo cholowa chibakera. Kachiwiri ndinadzimenya chala. Ababa ali pakhomo atagwira chipewa, ndikuona milomo yawo ikugwedera kufuna kundiuza kagwiridwe kake. Ndinamenyabe mwa ukali wa sabata yonse, wa Julião, wa seminário, wa chulu cha kuzimbudzi, wanga womwe. Cadeado sanathyoke. Chimene chinathyoka ndi kachitsulo kamene anamukolekapo, kofewa ngati chitini cha sardinha. Loko wa pa chigayo pa chitini. Ndiye chitetezo cha a Director chimenecho.

M'katimo roteador itafundidwa kansalu kopeta maluwa, ikadali ndi pulasitiki wake wa kusitolo, yotentha ngati mbatata yochokera pamoto. Pambali pake kachingwe kafupi, katsopano, kali m'kathumba kake kosatsegula. Miyezi yonseyi! Chitseko chitangotseguka, timizere ta Wi-Fi tinadzaza tonse. Koma sindinafune kuyesa mwayi, ndinazula chabuluu chakufa chija, n'kulowetsa kachingwe kafupiko ku roteador ndi ku laputopu. Kanyali kanaphethira. Sindinaganizepo kuti ndingalire chifukwa cha kanyali kochepa ngati diso la nkhuku.

Kachingweko kanangofika patebulo la a Director, ndiye ndinakhala pampando wawo. Ndi mpando ngati ina yonse, mwendo umodzi umagwedera. Nyundo ndinapatsira ababa kuti andigwirire. Dona Ernestina anali pakhonde akukuwa pa foni, ndipo ndinadabwa kuti lero foni ya a Director yayaka. Amália anabwera n'kukoka chitseko, n'kuima kunja ngati mlonda. Pa ntchito imeneyo pakamwa pake panathandiza.

Dez horas nkhope zitatu zinatulukira. Wina anali kutafuna kanthu. Wina anayamba ndi kundidzudzula za kukula kwa zilembo za pachikuto, zaka zonsezi za ntchito iye waona zilembo. Koma doutora wachitatu, mayi wa imvi, anawerenga zonse, anandifunsa za ana anga a décima ndi chifukwa chimene amaopera ma fracção, ndipo ndinayankha mpaka ndinaiwala chala chotupa. Kamodzi chithunzi chinauma, mtima wanga unaima nacho limodzi. Chinabwerera. Ababa nthawi yonseyi ali chiimire kumbuyo kwanga pafupi ndi khoma, jekete la kutchalitchi, chipewa dzanja ili, nyundo dzanja ilo. Chipwitikizi chawo n'cha moni ndi cha pamsika, sanamve kanthu. Ankangoona nkhope zolimba ndi ine ndikutuluka thukuta.

Anandiuza kuti ndidikire akambirane. Atabwerera, wamkulu wawo anaika chikalata pagalasi n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a woweruza milandu. "A candidata Dulce Cornélio..."

Ndinangomva nsapato kumbuyo. Ababa afika patebulo, agwada bondo limodzi kuti nkhope yawo ilingane ndi laputopu, aika nyundo pansi, akuwomba m'manja mwaulemu.

"Ndine Cornélio, bwana. Kabatiyi ndaswa ndine. Chingwe ndapha ndine. Ine sindinaphunzire, mlandu ndi wanga. Mwanayu musamubweze chaka, alibe chifukwa."

Wotafuna uja anasiya kutafuna. Wamkulu anafunsa kuti bamboyo ndi ndani. Ndinayankha kuti é o meu pai, ndi ababa anga, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ndimafunira. Doutora wa imvi anavula magalasi. Wamkulu anamaliza kuwerenga, mawu ake atafewa pang'ono. Aprovada.

"Ababa, dzukani. Sakunena za kabati. Akuwerenga dzina, akuti ndakhoza."

"Wakhoza?"

"Ndakhoza."

"Nanga ine amandiitaniranji?"

Ndinawasonyeza pagalasi, pa chikalata chija, pamene panalembedwa. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta dzanja pa jekete, n'kuika chala chachikulu pa Cornélio, n'kudinikiza.

A Director afika Lolemba, akuti ndiwadikire mu ofesi, ndiye kuti tsopano ndikuloledwa kulowa. Tidzaona akabwera. Pagalasi la laputopu patsala chidindo cha chala, chofiirira ndi dzimbiri la misomali. Dona Ernestina atalowa kudzaona zowonongeka anachiona nawonso, n'kuyandikira ndi kansalu kawo ka fumbi. Ndinatseka laputopu asanafike.